Kosi yoyamba ya programming ku yunivesite: anthu amagwa pati kwenikweni?

Wachaka_choyamba:
Moni nonse pagulu pano. Semesita ikubwerayi ndiyamba kosi yoyamba ya programming. Tiyamba ndi chinenero cholembera mapulogalamu cha Python, kenako chakumapeto tidzakhudzako china cha C. Akuluakulu amene mukuidziwa bwino ntchitoyi, ndithandizeni: ndikonzekere bwanji, ndipo ambiri amagwa pati?

Nyenyezi:
Takulandirani achimwene. Choyamba, kompyuta yanu ikhale yokonzeka tsiku la labu yoyamba lisanafike, chifukwa anthu amataya sabata yathunthu akulimbana ndi kuyika Python pamene anzawo akulemba kale code. Ikani Python 3. Python 2 anasiya kuisamalira pa 1 January 2020, koma zitsanzo zake zikadali mbwee pa intaneti. Mukaona print "moni" yopanda mabulaketi, dziwani kuti ndi yakale, ndipo mu Python 3 ikupatsani SyntaxError.

Ngati muli pa Windows, poyika paja pali kabokosi kolembedwa kuti Add python.exe to PATH. Kachongeni. Mukapanda kutero, mukadzalemba python pa terminal (zenera lolemberamo malamulo) kompyuta idzakuyankhani kuti lamulo limenelo siikulidziwa. Mukamaliza lembani python --version muone ngati ikutulutsa nambala yoyamba ndi 3.

Polembera code, IDLE imabwera limodzi ndi Python ndipo ndi yokwanira masabata oyamba. Thonny ndi yabwino kwa woyamba chifukwa imakulolani kuyendetsa pulogalamu mzere umodziumodzi mukuona m'mene ma variable akusinthira. VS Code mutha kuisiya kaye.

Kanthu kamodzi kamene kamazunguza anthu mutu: musatche fayilo yanu random.py kapena turtle.py. Mukalemba import random, Python imayamba kuyang'ana mu foda yomwe muli, n'kutenga fayilo yanuyo m'malo mwa yeniyeni, kenako n'kunena kuti randint kulibe. Code imakhala ili bwinobwino, vuto ndi dzina basi.

Mphunzitsi_wa_labu:
Zimene anena a Nyenyezi n'zoona, koma funso lachiwiri lija ndilo lalikulu. Ophunzira ambiri amaganiza kuti kosi imeneyi ndi yoloweza mawu a chinenero, for, while, def ndi ena. Mawu amenewo ndi ochepa, mwezi umodzi mwawadziwa. Chimene chimagwetsa anthu n'chakuti sangathe kutenga mizere isanu ya code n'kunena, osayendetsa, chimene kompyuta ichite mzere uliwonse. Amalemba zimene akufuna kuti zichitike, amayendetsa, zikakanika amasintha chinthu mwachisawawa n'kuyendetsanso. Pa asayimenti yoyamba njira imeneyi imadutsa. Pofika pa ma function ndi ma list siidutsanso.

Yesani ichi papepala, musakhudze kiyibodi:

a = 3
b = a
a = a + 4
print(b)

Jambulani timabokosi, kamodzi ka a, kena ka b, ndipo mzere uliwonse lembani chimene chili mkati. Yankho ndi 3. Chizindikiro cha = sichikutanthauza kuti mbali ziwirizo n'zofanana ngati m'masamu. Chikutanthauza kuti werengera za kudzanja lamanja, ndipo dzina la kumanzere lizilozera pa zotsatirazo. N'chifukwa chake a = a + 4 ndi mzere wolondola, ngakhale kuti m'masamu ukanakhala bodza.

Tsopano ichi:

a = [1, 2, 3]
b = a
a.append(4)
print(b)

Apa ambiri amayankha [1, 2, 3], koma chimatuluka ndi [1, 2, 3, 4]. List ndi imodzi yokha, mayina ndiwo awiri. b = a sinakope kanthu. Mukafuna list yachiwiri yapayokha lembani b = a.copy() kapena b = a[:]. Amene wamvetsa kusiyana kwa zitsanzo ziwirizi m'masabata oyamba, ma pointer a mu C (ma variable osunga adiresi ya chinthu china) sadzamuvuta kwambiri, chifukwa ganizo lake ndi lomwelo.

Wachaka_choyamba:
Zikomo aphunzitsi. Chachiwiricho ndinayankha molakwika. Ndiye chifukwa chiyani choyambacho b sanasinthe, pamene mzere wa b = a uli pa zonse ziwiri?

Mphunzitsi_wa_labu:
Funso labwino. Poyamba paja a = a + 4 sinasinthe nambala 3. Inapanga nambala ina, 7, n'kusamutsira dzina la a pa iyo, ndipo b anatsala pa 3. Pachiwiri paja append inalowa mu list yomweyo n'kuisintha pomwepo, dzina silinasamuke. Nthawi zonse muzidzifunsa: mzere uwu ukusamutsa dzina, kapena ukusintha chinthu chimene dzinalo likulozera?

Gologolo:
Ndiwonjezere za mitundu ya data, chifukwa apa ndi pamene malikisi a asayimenti yoyamba amathera. input() imabweza mawu nthawi zonse, ngakhale munthu alembe nambala. Mukalemba zaka = input() kenako zaka + 1, mulandira TypeError. Error imeneyo ndi yachifundo chifukwa yakuuzani. Zoopsa ndi zimene zimadutsa chete. "5" + "3" imapereka "53". "5" * 3 imapereka "555". Ndipo "9" > "10" imapereka True, chifukwa mawu amawayerekeza chilembo ndi chilembo, ndiye 9 amaposa 1 nkhani n'kuthera pomwepo. Pulogalamu yosankha nambala yaikulu imaoneka ngati ikuyenda bwino mukaiyesa ndi 3 ndi 7, koma imagwa pa 9 ndi 10. Sinthani mtundu pamzere womwewo pamene mwalandira, int(input()), musadikire patsogolo.

Kugawa nakonso. Mu Python 3, 7 / 2 ndi 3.5, 7 // 2 ndi 3, ndipo 7 % 2 ndi zotsala, 1. Mukadzafika pa C, 7 / 2 ndi 3 chifukwa zonse ndi nambala zathunthu. Asayimenti yosintha Fahrenheit kupita ku Celsius imakola anthu pamenepa: akalemba 5 / 9 * (f - 32) yankho limakhala 0 nthawi zonse, popeza 5 / 9 yasanduka kale 0 kuchulukitsa kusanachitike. Lembani 5.0 / 9. Nambala zochepera ziro zilinso ndi zake: -7 // 2 mu Python ndi -4, pamene -7 / 2 mu C ndi mu Java ndi -3. Python imatsitsira pansi, enawo amangodula za desimo.

Nyenyezi:
A Gologolo mwaiwala 0.1 + 0.2.

Gologolo:
Eya, achemwali. Lembani 0.1 + 0.2 muone, ituluka 0.30000000000000004. Si Python yalakwitsa, C ndi Java nazonso ziwerengera chimodzimodzi. Kompyuta imasunga nambala za desimo mu binary potsatira muyezo wa IEEE 754, ndipo 0.1 mu binary siitha, monga m'mene 1/3 siithera pa 0.3333. Ndiye imadulidwa penapake. Zotsatira zake: musayerekeze ma float (nambala za desimo zija) ndi ==. Loop iyi siima:

x = 0.0
while x != 1.0:
    x = x + 0.1

Mukaphatikiza 0.1 kakhumi mumapeza 0.9999999999999999, kenako imalumpha 1.0 n'kumapitirira. Ikakugwirani choncho dinani Ctrl ndi C kuti iime. Gwiritsani ntchito x < 1.0, kapena werengani ndi nambala zathunthu, kapena math.isclose pofuna kuona ngati ziwiri zayandikana mokwanira.

Kambalame:
Ine ndikuona mosiyana pang'ono. Zonsezi zikuonetsa kuti kuyamba ndi Python n'kulakwitsa. Munthu ayambe ndi C aone memory m'mene ilili, adziwe kuti int ndi ma byte angati, kenako Python idzakhala yophweka. Amene ayamba ndi Python amazolowera kutafuniridwa.

Mphunzitsi_wa_labu:
Mfundo yanu ili ndi mbali yoona, a Kambalame, koma sindikugwirizana nayo yonse. C anaipanga Dennis Ritchie ku Bell Labs chakumayambiriro kwa zaka za m'ma 1970 kuti alembere Unix, ndipo inapangidwira anthu odziwa kale chimene akuchita. Mukawerenga kunja kwa array kapena list, Python imaima n'kukuuzani IndexError ndi nambala ya mzere. C nthawi zambiri siinena kanthu: imatha kukupatsani nambala yachabechabe, imatha kugwa ndi segmentation fault, imathanso kuoneka ngati zonse zili bwino pa kompyuta yanu n'kukagwa pa ya wochonga asayimenti. Munthu amene akuphunzira kumene kuti loop n'chiyani sangasiyanitse kulakwa kwa maganizo ake ndi kulakwa kwa memory. Ayambe wadziwa kuganiza mwa masitepe, memory ibwere pambuyo. Komanso mnzathuyu sasankha yekha, silabasi inasankha kale.

Kambalame:
Za silabasi ndavomera. Ndiye poti C adzaikhudza, ndimusiyire izi. Poitana gcc, compiler yosandutsa code ya C kukhala pulogalamu, musamalembe gcc yokhayokha, lembani gcc -Wall -Wextra -g fayilo.c -o pulogalamu, ndipo chenjezo lililonse mulitenge ngati error. Mukalemba if (x = 5) m'malo mwa if (x == 5), C imavomera, imaika 5 mu x, ndipo if imakhala yoona nthawi zonse. -Wall ndiyo idzakuchenjezeni. Pa scanf musaiwale & kutsogolo kwa dzina la int, chifukwa scanf ikufuna adiresi ya pamene ilembe. Mawu a zilembo 5 amafuna malo 6, lomaliza ndi la \0 losonyeza mapeto. Variable imene mwailengeza mu function osaipatsa chiyambi imakhala ndi zilizonse zimene zinatsala mu memory, choncho int zonse; kenako zonse += x ndi msampha. Yambani ndi int zonse = 0;.

Compiler ikakutulutsirani ma error 30 musachite mantha. Konzani loyamba lokha n'kuyesanso. Semicolon imodzi yosowa imabala ma error ambiri pansi pake, ndipo kawirikawiri mzere umene ikuloza ndi wotsatira, osati umene uli ndi vuto.

Nthanda:
Zowerenga ma error zija tizikhalepo pang'ono, chifukwa ophunzira ambiri akaona zofiira pa sikirini amatseka osawerenga. Traceback ya Python, uthenga umene imatulutsa pulogalamu ikagwa, iwerengeni kuchokera pansi. Mzere womaliza ukunena mtundu wa vuto ndi chifukwa chake. Pamwamba pake pali dzina la fayilo ndi nambala ya mzere pamene pulogalamu yaimira. Zokwera m'mwambazo ndi njira imene inadutsa, function iyi inaitana iyo. Fufuzani mzere wotsika kwambiri umene uli mu fayilo yanu, yambirani pamenepo.

NameError nthawi zambiri ndi kalembedwe: Zonse ndi zonse ndi mayina awiri osiyana. IndentationError kapena TabError ndi mipata: gwiritsani ntchito mipata 4 pa sitepe iliyonse, musasakanize ndi tab, makamaka mukakopa code kuchokera mu PDF ya manotsi. Ndipo mukaona mawu akuti NoneType, thamangirani kukaona function imene mwaitana. Pali njira ziwiri zimene izi zimabwerera. Yoyamba, function yanu ili ndi print m'malo mwa return. print imangoonetsa munthu, siipereka kanthu kwa code yoitana, ndipo function yopanda return imabweza None. Pa sikirini yankho limaoneka, ndiye wophunzira amatsutsa kuti yagwira ntchito, koma code ya wochonga yalandira None. Yachiwiri ndi iyi:

malikisi = malikisi.sort()

sort() imasanja list pomwepo n'kubweza None, ndiye mwafafaniza list yanu ndi dzanja lanu. Lembani malikisi.sort() payokha, kapena malikisi = sorted(malikisi).

Pamene palibe error koma yankho n'lolakwika, ikani print mkati mwa loop ionetse ma variable onse pa ulendo uliwonse, ndi data yochepa, zinthu zitatu kapena zinayi. Yerekezani ndi tebulo lanu lapapepala. Ulendo woyamba pamene ziwirizo zasiyana ndi pamene pali vuto. Kuona maso a nkhono n'kudekha, musasinthe zinthu ziwiri nthawi imodzi.

Wachaka_choyamba:
Nanga pulogalamu ikatulutsa yankho lofanana ndi chitsanzo chimene chili pa pepala la asayimenti, si ndiye yatha?

Nthanda:
Ayi ndithu achimwene, chitsanzo chapapepala chimakhala chophweka dala. Tengani funso la chaka chokhala ndi 29 February. Lamulo lake: chaka chigawike ndi 4, koma chikagawika ndi 100 sichiwerengedwa, pokhapokha chigawikenso ndi 400. Mukangolemba chaka % 4 == 0 mudutsa pa 2024 ndi 2023, koma mugwa pa 1900, chimene sichinali ndi 29 February. Mukawonjezera za 100 zokha mugwa pa 2000, chimene chinali nayo. Ndiye mayeso anu akhale anayi: 2023, 2024, 1900, 2000, lililonse likuyesa nthambi yakeyake.

Chimodzimodzi pofufuza nambala yaikulu mu list. Ambiri amayamba ndi yaikulu = 0. Apatseni [-5, -2, -9], ayankha 0, nambala imene mulibe n'komwe. Yambani ndi chinthu choyamba cha list. Kenako dzifunseni: list ikakhala yopanda kanthu? Ikakhala ndi chimodzi? Yaikuluyo ikakhala koyambirira, kapena kumapeto kwenikweni? Pa avereji, list yopanda kanthu ikupatsani ZeroDivisionError. Pa malire a magiredi, yesani nambala ya pamalire yeniyeniyo, chifukwa > ndi >= zimasiyana pamenepo pokha.

Nyenyezi:
Ndipo ngati asayimenti imachongedwa ndi makina, zotuluka zifanane ndi zimene apempha chilembo ndi chilembo. Chilembo chachikulu pamene afuna chaching'ono, mpata wowonjezera, kapena mawu anu ofunsa mkati mwa input, zonsezi zikhoza kugwetsa code yolondola. Chotsaninso ma print ofufuzira aja musanatumize.

Kambalame:
Pa factorial (mwachitsanzo 4! ndi 4 * 3 * 2 * 1), imene imabwera pafupifupi mu kosi iliyonse: int ya ma bit 32 imathera pa 2,147,483,647. 12! ndi 479,001,600, imakwana. 13! ndi 6,227,020,800, siikwana, ndipo C siikuuzani, imangotulutsa nambala yolakwika. long long, mtundu wa ma bit 64, imafika pa 20! basi. Python nambala zathunthu imazikulitsa yokha, ndiye amene wachokera kumeneko samayembekezera zimenezi. Si nkhani ya m'kalasi yokha. Roketi ya Ariane 5 inaphulika pa ulendo wake woyamba mu June 1996 pasanathe mphindi imodzi itanyamuka, chifukwa nambala ya ma bit 64 inkaumirizidwa kulowa m'malo a ma bit 16.

Gologolo:
Factorial yomweyo ndiyo amaphunzitsira recursion, pamene function imadziitana yokha. Lembani kaye poimira, kenako poitana. Popanda poimira, kapena ngati nambala siikuyandikira poimirapo, Python imaima ikafika pafupi ndi maulendo 1000 n'kunena RecursionError. Ngati poimira panu ndi n == 0 ndipo wina wapereka -1, simudzafikapo.

Chakumapeto kwa semesita mudzakumana ndi kusaka ndi kusanja. Nambala ziwiri zokha zikuthandizani kumva chifukwa chake amalimbikira. Kusaka chinthu mu list yosanjidwa ya zinthu 1,000,000 chimodzichimodzi kungafune maulendo miliyoni, pamene binary search imafuna pafupifupi 20, chifukwa imadula theka nthawi iliyonse ndipo ma 2 okwana 20 mukawachulukitsa (2 * 2 * 2 ...) amapereka 1,048,576. Koma list ikhale yosanjidwa, apo ayi ipereka yankho labodza mwachete. Njira yosanjira ya bubble sort pa zinthu 10,000 imayerekeza pafupifupi ka 50 miliyoni, ndipo zinthu zikachuluka kakhumi ntchito imachuluka ka 100.

Wachaka_choyamba:
Funso lovuta kufunsa: nanga ChatGPT ndi anzake? Komanso kuthandizana ndi anzathu a m'kalasi kumafika pati?

Mphunzitsi_wa_labu:
Si lovuta, n'lofunika. Choyamba werengani lamulo la kosi yanu, chifukwa limasiyana pakati pa aphunzitsi, ndipo limenelo ndilo likumangani. Pa kukopa kwa mnzanu, dziwani kuti pali mapulogalamu ngati MOSS amene amayerekeza kamangidwe ka code, kotero kusintha mayina a ma variable ndi kuchotsa ndemanga sikubisa kanthu. Kukambirana njira pa bolodi kapena papepala n'kwabwino, mutu umodzi susenza denga, koma aliyense akalembe yekha code ya mnzake isali pamaso.

Pa AI, vuto si chilango chokha. Mafunso a kosi yoyamba ndi amene zida zimenezi zimayankha mosavuta kwambiri, ndiye mutha kutumiza asayimenti zonse osaphunzira kanthu. Koma m'makosi ambiri mayeso omaliza amalembedwa papepala kapena pa kompyuta yotsekeredwa intaneti, ndipo mafunso ake ndi akuti code iyi itulutsa chiyani, pezani cholakwika apa, lembani function yochita chakuti. Ndipo kosi ya data structures yotsatira imamangidwa pamwamba pa iyi. Ngati lamulo likulola, funsani chidacho kuti chikufotokozereni tanthauzo la error, osati chikulembereni yankho. Ndipo mzere umene simungaufotokoze ndi pakamwa panu usalowe mu fayilo yotumiza.

Nyenyezi:
Kagawidwe ka nthawi: ola limodzi tsiku lililonse limaposa maola 7 usiku wa tsiku lomaliza, chifukwa vuto limene lakukanikani madzulo limaoneka msanga m'mawa. Lembani mizere 5 kapena 10, yendetsani, kenako pitirizani. Mukalemba mizere 100 musanayendetse, vuto likhoza kukhala paliponse. Gawo likagwira ntchito sungani. Git, pulogalamu yosunga mbiri ya code yanu, ndiyo njira yake: git init kamodzi, kenako git add ndi git commit gawo lililonse likatheka. Ngati muika pa GitHub, repository ya asayimenti ikhale private.

Wachaka_choyamba:
Ndayesa kulemba avereji ya malikisi. Ndikuyembekezera 70 koma ikutuluka 26.666. Palibe error iliyonse.

malikisi = [60, 70, 80]
zonse = 0
for i in range(1, len(malikisi)):
    zonse = malikisi[i]
print(zonse / len(malikisi))

Mphunzitsi_wa_labu:
Anzanga musamuuze kaye. Achimwene, tengani pepala, mulembe i ndi zonse pa ulendo uliwonse wa loop, mutiuze mwapeza chiyani.

Wachaka_choyamba:
Ulendo woyamba i ndi 1, zonse ndi 70. Wachiwiri i ndi 2, zonse ndi 80. Ndaona, sindikuphatikiza, ndikungolemba pamwamba pa yakale, ndiye 80 / 3. Ndasintha kukhala zonse = zonse + malikisi[i]. Pano ikutuluka 50.0.

Nthanda:
Limodzi latha. Tsopano yang'ananinso tebulo lanulo: zinthu zili 3, loop yazungulira kangati? 60 ali pa index iti?

Wachaka_choyamba:
Kawiri kokha. 60 ali pa 0, ndipo ine ndayambira pa 1, ndiye 150 / 3. Ndaika range(len(malikisi)), pano ikupereka 70.0.

Gologolo:
Zatheka. range imayambira pa 0 mukapanda kuiuza, ndipo nambala yomaliza siilowa, choncho range(3) ndi 0, 1, 2, ma index enieni a list ya zinthu zitatu. Poti i simukuigwiritsa ntchito pa china chilichonse, mukhoza kulemba for m in malikisi: kenako zonse += m, vuto la index n'kutheratu.

Nthanda:
Tsopano ikani malikisi = [] muyendetse, mutitumizire mzere womaliza wa traceback, ndipo muganize kuti if yoteteza ikhale pamwamba pa loop kapena pamwamba pa print.